Nthutumba ya Zaka Makumi Awiri

Alongo anga anapezeka ndi matenda a shuga mu Marichi, pa kiliniki ya ku Rufunsa. Kuyambira pamenepo anasiya kudya ndi anthu. Ankatenga kambale kawo ka pulasitiki n'kukakhala kuseri kwa khitchini, kuti asamaone zimene anawaletsa. Pamene ndinapita kukacheza mu Ogasiti, anali atakana kale phwando la zaka makumi awiri za ukwati wawo. "Phwando lopanda keke ndi maliro," anatero.

Amuna awo, alamu anga, amaphunzitsa masamu ku pulayimale. Sanatsutse. Anatenga kope n'kupita kwa nesi, ndipo anabwera atajambula mbale: theka masamba, mbali ina nyama, mbali yotsalayo nsima yofanana ndi chibakera. Pansi analemba kuti chibakera cha wodya, osati cha wophika. Mawuwa anali ofunika, chifukwa chibakera cha alamu chimalingana ndi dzungu laling'ono.

Tsiku lokumbukira ukwatilo linali Lachinayi, ndipo alongo anali ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Alamu anapha nkhuku ya kumudzi nthawi ya masana, naichotsa khungu lonse, naiphika ndi tomato ndi anyezi popanda dontho la mafuta. Anatendera chibwabwa, masamba a maungu, ndi nsinjiro zochepa. Impwa, zonga timabiringanya, anaziwiritsa padera. Ufa unali wa mapira, wochokera kwa mlimi wina wa ku Chinyunyu. M'malo mwa zakumwa za m'botolo anafinyira mandimu m'madzi a mumtsuko. Ine ntchito yanga inali kuyang'ana wotchi, chifukwa alongo amamwa mankhwala 18 koloko ndipo sayenera kuchedwa kudya.

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. "Ba tichala, anakudyetsani chiyani kuti mugwire mthiko?"

"Zomwe anandidyetsazo zinali zokoma, amayi. Lero ndikubweza," anayankha alamu, maso ali pa poto.

Alongo atafika anayang'ana tebulo pansi pa mtengo wa mango, nsalu yoyera ndi mipando iwiri, kenaka analowa m'khitchini kukafuna kambale kawo. Sanakapeze. Patebulo panali mbale imodzi yokha, yaikulu ya chitsulo, imene analandira pa ukwati.

"Ine zanga ndimadyera kuseri," anatero.

"Lero kuseri kuli nkhuni. Khalani, amake ana."

Anakhala m'mphepete mwa mpando, naona timitanda tiwiri ta nsima tofanana ndendende. "Inu mukhuta ndi kameneka?"

"Ndakhala ndikudya chonchi masabata awiri ku sukulu. Mwaona nditagwa?"

Ndinali pakhonde, ndipo ndinaona alamu akufufuza m'msuzi ndi supuni. Anatulutsa nthutumba. Kwathu nthutumba ndi ya mwini nyumba. Mkazi akapereka nkhuku yopanda nthutumba, nkhani imafika kwa ankhoswe. Alongo anali ataipereka kwa amuna awo zaka makumi awiri osalawako. Alamu anaikankhira ku mbali ya mbale imene kunali alongo.

"Amayi anu akamva?" anafunsa alongo.

"Muwauze kuti ili pa kope la nesi."

Sizinali pa kopelo, ndinaliwerenga ndekha. Alongo anaseka, koyamba chifikire ine, nadula nthutumbayo pakati ndi chala. Theka anadya, theka anawabwezera. Anamaliza chibwabwa chonse, nadandaula kuti mchere unachepa, zimene zinali zoona. Pomaliza anadya tizidutswa titatu ta papaya, alamu akuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi.

M'mawa mwake ndinakapeza kambale ka pulasitiki m'khola, anapiye akumweramo madzi. Alongo anakaona akumwaza gaga, ndipo anangokawonjezera madzi.