Tsiku limene bambo sanandidziwe

Dzulo fungo la anyezi wokazinga linandipeza pa renki ya matekisi ku Germiston. Ndi mmene munkanunkhirira m'malesitilanti aja a mipando yofiira, amene anali m'tauni iliyonse kuno ku Joni. Onse anatsekedwa kalekale. Ya ku Boksburg pano amagulitsiramo matayala.

Bambo ankaperekera zakudya m'menemo. Ananamiza abwana awo kuti ndi Mzulu, poti Amalawi sankawalemba ntchito. Pa tsiku langa lobadwa amayi ananditengera kumeneko, koma anandichenjezeratu: "Ukawaona abambo ako, sukuwadziwa. Chichewa uchisiye kunyumba."

Tinakhala pawindo, tchipisi chikundiotcha zala. Kenaka antchito onse anabwera akuwomba m'manja, bambo ali patsogolo, atanyamula ayisikilimu wobayikapo kandulo yothetheka. Bambo ankaimba mokweza, maso ali kukhoma.

Ndinaiwala. "Ababa, taonani moto!"

Amayi ananditsina pantchafu. Abwana anacheuka. Bambo anandimwetulira mmene ankamwetulirira ana a eni ake, n'kufunsa amayi m'Chizulu kuti mwanayu akuti chiyani.

Ayisikilimu ankayenderera padzanja pa bambo, osapukuta.