Tsiku limene makhadi anakana kumasula a Shadrick

A Shadrick akhala m'kachipinda kathu kuno ku Thamesmead, kudziko la azungu, chifikireni kuchokera ku Dowa. Ndikati kachipinda ndikunena kachipinda ndithu: bedi, chikwama kunsi kwa bedi, ndi zenera lotseguka pongokwana dzanja. Amuna anga, bambo a Junior, ndi amene anawatola kutchalitchi akusowa kogona, n'kubwera nawo kunyumba osandifunsa n'komwe. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Kenako ndinawazolowera, poti munthuyo alibe phokoso, fodya ayi, mowa sakhudza.

Amagwira ntchito ku care home ina ku Woolwich, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba. Visa yawo inamangiriridwa pantchito imeneyo, ndiye kaya awasinthira shift m'mawa womwewo, kaya awamana holide, yankho lawo ndi limodzi: “No problem.” Kuli nkhalamba ina kumeneko imawalavulira phala kumaso n'kuwatukwanira mtundu wawo. Iwo amangopukuta, supuni ina ili kale pakamwa pa nkhalambayo. Nkhope yawo inachita kuuma ndi ntchito imeneyi, moti akwiye, asangalale, adwale, simungadziwe. Foni nayo siwapatsa mpata. Kumudzi uyu wadwala, uyu akufuna feteleza, uyu denga lasasuka.

Loweruka lililonse lomwe ali off amavala jekete, n'kukwera basi ndi sitima kupita kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lina ndinawafunsa komwe amapita, ndipo sanabise. Amakasewera poker ku kasino.

“Njuga, achimwene? Inu munthu wa kwaya?”

Anandifotokozera modekha ngati akudyetsa nkhalamba yawo ija. Akuti ndi mpikisano wa anthu wamba, cholowera chake n'chochepa. Aliyense amapatsidwa mulu wofanana wa timabatani tapulasitiki, amati machipi, tomwe kunja kuno simungagulire ngakhale mchere. Umasewera mpaka ako atathe, akatha umanyamuka n'kumapita kwanu. Ukachoka usanaluze, machipiwo sunyamula, amangodyedwa pang'onopang'ono mpando uli wopanda munthu.

“Nanga chosangalatsa n'chiyani pamenepo?”

“Makhadi akakhala m'manja, foni amaletsa, mayi a Junior. Pamalo paja palibe wondiitana.”

Sikuti ankawina ayi. A Shadrick ankaluza msanga, mokhulupirika, sabata ndi sabata, n'kufika pakhomo kukadali kowala, buledi ali m'manja.

Wachibale wawo kuno ndi mmodzi yekha, Ellen, mwana wa malemu mlongo wawo, nesi pachipatala china chakonkuno. Ellen anapeza mnyamata, dzina lake Walter, ndipo akuchimuna anatumiza mawu kuti malume ake a Walter abwera kuchokera ku Manchester kudzafunsira mbeta. Kwathu mawu amenewa salandira munthu wamba. Amalandira malume a mkazi, mwini mbumba, ndipo wolandirayo ndi amene amakhala nkhoswe. Banja likadzayamba kugwedera, kaya patapita zaka zingati, ndi pakhomo pake pomwe anawo amadzagogoda. Ellen mayi alibe, bambo ake sadziwika komwe analowera. Anali ndi a Shadrick basi.

Ndipo munthuyo anakondwa, ndisawanamizire. Anagula shati yoyera. Ndinkawamva m'bafa akuyeserera mawu oti akayankhe, madzi akungotayika. Mpando wabwino wa pabalaza pathu, wa bambo a Junior, tinagwirizana kuti tsikulo ukhala wawo.

Tsikulo linagwa Loweruka. Alendo amafika chakumadzulo. M'mawa ndikusenda anyezi, ndinangoona jekete ija ikudutsa pakhomo la kukhitchini.

“Kuti?”

“Mtima ukuthamanga, mayi a Junior. Ndikangokhala pang'ono. Mukundidziwa ine, sindichedwa kuluza.”

“Lero lokha ayi, achimwene, chonde!”

“No problem,” anatero, chitseko n'kutseka.

Alendo anafika nthawi yake, malume a Walter ali mu suti, atatopa ndi ulendo wa pa basi ya coach, tikiti yobwerera tsiku lomwelo ili m'thumba poti m'mawa mwake amalowa ntchito. Tinawapatsa tiyi. Tinakamba za mvula yakumudzi, za mabasi, za kudula kwa zinthu, nkhani mpaka kutha. Mpando uja uli chabe, aliyense akuyesetsa kusauyang'ana. Foni ya a Shadrick inali yothimitsa. Ellen anali kuchipinda kwanga, atavala chitenje chatsopano, akungopotokola kansalu m'manja.

Ndinavula epuloni n'kuuyamba. Basi mpaka ku Woolwich, sitima ya DLR kuwoloka mtsinje, njira yonse ndikutukwana chamumtima. Ine, mayi wa chigwirizano, duku kumutu, fungo la anyezi thupi lonse, kukaonetsa chitupa pakhomo la kasino! Ndinayang'ana uku ndi uku kuti pasakhale wa kutchalitchi wondiona. M'katimo mulibe zenera, mulibe wotchi, simungadziwe ngati kunja kwada kapena kuli dzuwa. Mumangomveka tchekete-tchekete wa machipi, ngati mbewa zili m'nkhokwe.

Ndinawapeza pakona. Matebulo ambiri anali atatha anthu, kwatsala ochepa, ndipo patsogolo pa a Shadrick panali mulu woti sindinkawaona bwino m'mimba. Ndinaima kuseri kwa kachingwe komwe amatchingira oonerera.

“A Shadrick! Anthu akudikira!”

Anatembenuka, thukuta lili kamukamu pashati yoyera ija.

“Mayi a Junior, ndayesetsa. Akukana kutha.”

Zinali zoona, mzimayi wina wachizungu yemwe anali ataluza kale anandiuza akuseka. Akuti bamboyu wakhala akuponya machipi ake onse pakati ndi makhadi achabechabe, ndipo ulendo uliwonse makhadi otsiriza amamugwera iyeyo. Anzake anayamba kumuopa. Nkhope yosawerengeka ija, amaganiza kuti ndi katswiri.

“Ingodzukani! Siyani zinthuzo pomwepo!”

“Kusiya? Zonsezi?” Anayang'ana muluwo ngati ndawauza kuti ataye thumba la chimanga m'ngalande. “Dikirani, agawe kamodzi kokha. Ndizimaliza pompano.”

Wogawa makhadi anagawa. A Shadrick sanawayang'ane n'komwe makhadi awowo. Anakankha mulu wonse ndi manja awiri n'kunena kuti, “All in.” Mnyamata wina wa chipewa anavomera, n'kugubuduza makhadi ake monyada. Ine ndinapemphera, Mulungu andikhululukire, ndinapemphera m'nyumba ya njuga kuti munthu aluze. Makhadi apakati patebulo, omwe amakhala a onse, anatsegulidwa limodzilimodzi. Lomaliza litagwa, tebulo lonse linakuwa, mnyamata wa chipewa anagwira kumutu, ndipo wogawa uja anakokera zonse kwa a Shadrick.

Apo ndi pomwe ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo chikhalireni nawo. Anaseka. Mano onse panja, mapewa akugwedezeka, azungu akuwasisita kumsana n'kumawatchula dzina. Pomwepo ndinadziwa kuti munthu uyu sadzuka. Zaka zonse zopukuta phala kumaso, lero kanthu kamuyendera koyamba, ndiye adzuke? Anakokera mpando pafupi ndi tebulo n'kuyamba kusanja machipiwo bwinobwino. Kuyambira pamenepo makhadi anayamba kuwayang'ana, n'kumasewera mosamala.

Ndinawaitana kawiri, sanatembenukenso. Mlonda anabwera kudzandipempha mwaulemu kuti ndichepetse mawu. Kubwerera ndekha ndinalephera, ndikanakawauza chiyani alendo? Ndinangoima pachingwe paja, miyendo ikuwawa, foni yanga ikunjenjemera m'chikwama, ine osayerekeza kuiyankha.

Atayamba kufuna kuwina, mwayi unawathawa. Mulu unayamba kutsika, kutsika, mpaka unatha wonse asanafike n'komwe pagulu la olandira mphoto. Analuza monga mwa masiku onse, kungoti mochedwa. Anadzuka, nkhope ija itabwerera m'malo mwake, n'kuvala jekete.

Tinakwera sitima kubwerera. Basi ya ku Thamesmead inaima pa stop iliyonse ngati ikuchita dala. A Shadrick milomo inkangogwedera, akubwereza mawu awo a m'bafa aja.

Tinakumana ndi alendo pamasitepe akutsika, akuthamangira coach. Malume a Walter anatipatsa moni mwaulemu wonse, n'kunena kuti zonse zayenda bwino, ayamika kulandiridwa. Ine ndinadabwa kuti zayenda bwanji. Titalowa ndinapeza bambo a Junior ali pampando wawo uja, atavala tayi. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti nthawi itatha, Ellen anatuluka yekha kuchipinda, n'kugwada pamaso pawo alendo akuona, n'kuwapempha kuti amulandirire mawu. Amuna angawo, munthu wa ku Mulanje, wopanda naye ubale ngakhale wa patali. Akanakana bwanji mwana akulira?

A Shadrick anaima pakhomo la pabalaza, jekete ili m'manja.

“Ellen, mwana wa mlongo wanga, ndafika.”

Ellen sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja poti chakudya chinali chisanachotsedwe. Anapita kaye kwa amuna anga n'kugwada.

“Amalume, sambani.”

Atatha anadzuka, n'kupita kwa mwini wake wa dzinalo, n'kugwadanso chimodzimodzi, maso ali pabeseni.

“A Shadrick, mwaswera bwanji? Kusamba kwake ndi kuno.”

Anasamba. Anadya pang'ono ataima kukhitchini, n'kulowa m'kachipinda kawo. Pachinkhoswe anabwera, anathandiza kunyamula mipando, nkhuku analandira ndi bambo a Junior.

Akadali nafe mpaka lero, shati yoyera ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Loweruka lapitali ndinamva jekete ija ikudutsanso pakhomo la kukhitchini. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma anandiyamba ndi iwo.

“Musavutike kundisungira chakudya, mayi a Junior. Palibe akundidikira.”