Galasi Limene Ndinakana Kuswa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kufera m'galimoto yosayenda, pakhomo panga penipeni, masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe anandilodza, palibe anandigunda. Zinandipereka ndi nzeru zanga zomwe, zija ndimadzitama nazo kumsika wa Soweto ku Lusaka kuti palibe wamalonda angandidye.

Ndimakhala ku Chawama, m'yadi ya mabanja anayi. Ntchito yanga ndi kugula ndi kugulitsa chilichonse chimene chingapeze mwini. Kunenerera ndiye mphatso yanga, moti ngakhale wogulitsa tomato amandipatsa basela kuti ndingochoka. Pakamwa pomwepa ndi pamene ndinagulira kagalimoto kakale kwa mdala wina wa ku Matero. Injini inali yamoyo, koma m'kati munali ngati mogona nkhuku. Dashibodi inali itang'ambika ndi dzuwa, mipando siponji ili pamtunda, nsalu yakudenga ikulendewera pamutu ngati neti ya udzudzu.

Mmisiri wa mipando atanditchulira mtengo wake, ndinamuseka. Ndinati zimenezi ndionera pafoni, ndikonza ndekha. Ndinazula mipando yonse n'kuilowetsa m'nyumba. Batire nayonso ndinaisunga kunsi kwa bedi poopa akuba. Zitseko ndinazikuta ndi matabwa atsopano ovekedwa nsalu, n'kumanga ndi masikuluwu molimba. Mahandulo otsegulira m'kati ndi aja opukusira magalasi ndinawachotsa onse, kuwapaka penti, n'kuwayanika pawindo lakuchipinda. Mukumbukire mahandulo amenewa.

Mukumbukirenso bana Mwape, mayi wa Chibemba wa khomo loyang'anana ndi lathu. Chingwe choyanikira m'yadi mwathu n'chimodzi, ndiye iwo anazolowera kuyanika zovala za ana awo pamwamba pa galimoto yanga. Ndinawakalipira kangapo, yadi yonse ikumva, ndi mawu amene sindingalembe pano. Kuyambira pamenepo moni anatha pakati pathu.

Lamlungu lina mu Okutobala, mkazi wanga ndi ana atapita kutchalitchi, ndinati lero dashibodi itha. Magetsi anali atangobwera, choncho foni ndinaisiya pachaji m'nyumba. Magalasi onse ndinawamata manyuzipepala m'kati kuti penti isawadetse. Ndinakhala pakireti ya mabotolo, ndinapaka guluu wamphamvu uja womatira nsapato kudenga konse n'kumatapo nsalu yatsopano, kenako ndinayamba kupopera dashibodi penti yakuda. Zitseko zitatu zinali zotseka. Chachinayi ndinachisiya pululu kuti mphepo izilowa.

Dashibodi itayamba kung'anima ngati yamushopu, kunja kunadzuka kamvuluvulu, uja wa ku Lusaka wonyamula fumbi ndi majumbo. Sindinaganize kawiri. Ndinatambasula dzanja n'kukoka chitseko kuti phaa, kuteteza penti yanga. Inde abale, ndinadzitsekera ndekha.

Fumbi litadutsa, dzanja linapita pa handulo n'kupeza kabowo. Ndinaseka. Ndinakwawira kuchitseko china, kabowo. Zonse zinayi chimodzimodzi. Ndinapisa zala kuti ndikoke kawaya kam'kati, koma ndinangokakankha, ndipo ndinakamva kakugwera pansi m'mimba mwa chitseko. Matabwa aja ndinali nditawamanga molimba ndithu, ndipo chomasulira chinali m'nyumba. Hutala yopanda batire siilira. Ndinakuwa, koma kuseri kwa mpanda wathu kuli tchalitchi cha zokuzira mawu zinayi, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akuthamangitsa ziwanda. Mawu anga anangothera m'manyuzipepala.

Pansi panali sipana yomasulira matayala. Ndinaitola, ndinang'amba nyuzipepala pagalasi lakumbuyo, ndinakweza dzanja. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, inu owerenga. Mutu unali utayamba kale kuwawa, maso akuyabwa, thukuta likutsika ngati ndathiridwa madzi. Koma m'mutu mwangamo munalankhula wamalonda uja. Anati galasi la mtundu wakale chonchi ulipeza kuti? Ukakalifuna adzadziwa kuti wapanikizika, adzakudya. Dikira pang'ono, amake ana abwera posachedwa. Ndinatsitsa sipana. Ndinakhala pansi n'kumanenerera ndi imfa ngati ndili pamsika.

Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Chitsulo cha galimoto chinatentha ngati chiwaya. Fungo la guluu ndi penti linasiya kununkha, linayamba kukoma, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Milomo inachita dzanzi. Zilembo za panyuzipepala zinayamba kuyenda ngati nyerere. Mtima unkagunda m'makutu, kenako n'kudumpha, kenako n'kuyambanso. Ndinasanza pamiyendo panga. Ndinaona m'maganizo mkazi wanga akutsegula chitseko ndi Baibulo m'manja, ana ali kumbuyo kwake, ndipo ndinalira ngati mwana.

Pamenepo ndinati galasi lipite. Ndinagwira sipana, koma inali italemera ngati thumba la simenti. Ndinamenya, inangogunda kuti go, n'kuterereka. Ndinayesanso, dzanja linakana kufika. Mphamvu zimene ndinali nazo poyamba zija ndinali nditazigulitsa. Ndinagwa chagada pachitsulo chotentha, ndikuona nsalu yanga yatsopano kudenga ikuyandikira n'kumatalikira.

Kenako ndinamva kanthu padenga. Phwa. Phwa. Zovala zonyowa. Bana Mwape anaona yadi ili zii, anaganiza kuti tonse tapita kutchalitchi, n'kubwera kudzaba malo oyanikira. Ndinafuna kuitana, koma lilime linali ngati chigamba. Ndinakoka sipana ndi manja awiri n'kugogoda pansi. Go. Go. Go.

Kuyanika kuja kunaima. Kenako ndinamva mawu awo: “Pepani ba neba, sininazibe kuti mulimo. Nachosa manje manje!”

Ndinamva zovala zikuchotsedwa chimodzichimodzi, beseni likukhulika, mapatapata akuthawa. Abale anga, mantha amene ndinamva pamenepo sindidzawaiwala. Munthu yekhayo amene akanandipulumutsa ndinali nditamuphunzitsa ndekha kundithawa. Sipana inapulumuka m'manja. Kunada.

Ndinatsitsimuka ndili pafumbi, mutu uli pamwendo pa munthu, madzi a sopo akundilowa m'mphuno. Bana Mwape anali atandikhuthulira beseni lonse lochapira, akundiomba mbama uku akundiitana ndi dzina la mwana wanga, akukuwa kuti, “Mayo ine! Bashi Tionge, ukani! Musafele pamanja panga imwe!” Anthu akutchalitchi kuja anatuluka, wina anabweretsa galimoto yoyenda, n'kundithamangitsira kukiliniki. Anamwino anandiuza mosabisa kuti ndikanakhalamo kanthawi kena, nkhaniyi akanafotokoza ndi ena pamaliro.

Patapita masiku, ndinapita pakhomo pawo ndi manyazi anga kukafunsa chimene chinawabweza. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusenda anyezi. Anati, “Nenze nafika na pakhomo. Manje naganiza, ba neba aba banganipeze nayanika pa motoka yao, osanitukana olo kamozi? Nati iyayi, apa pali vuto.” Anangobwerera n'kukoka handulo yakunja. Chitseko chinatseguka mosavuta, ngati kuti sichinafune kupha munthu.

Ndiye inu amene mumakonza magalimoto pakhomo, sindikukuletsani. Koma guluu ndi penti musazigwiritse ntchito motseka, ngakhale kunja kukhale fumbi lotani. Musachotse mahandulo onse tsiku limodzi, ndipo musalowemo popanda munthu wodziwa kuti muli m'katimo. Zikakuvutani, swani galasi nthawi yomweyo dzanja likadali lanu. Ndiponso anthu amene mumakhala nawo m'yadi musawazoloweze kukuthawani. Ine chinandipulumutsa ndi mbiri yanga yoipa, koma musadalire zimenezo, mwayi wotere subwera kawiri.

Dashibodi ija inauma bwino, ilibe ndi kafumbi komwe. Galasi lija lilipo mpaka lero, lopanda mng'alu. Loweruka lililonse limaphimbidwa ndi mayunifolomu a ana a bana Mwape, ndipo ine ndimathandiza kutembenuza kuti aume msanga. Anzanga ku Soweto amanditchabe katswiri wotsitsa mitengo. Ndimangovomera, chifukwa sadziwa kuti pa zinthu zonse zimene ndinatsitsapo mtengo, chimene ndinatchipitsa koposa ndi moyo wanga.