Njinga ya Adada Yogona Chagada

Ndikukumbukira chaka chimene njinga ya adada inkagona chagada madzulo aliwonse kwathu ku Chifunda, mpaka anthu anayamba kutimvera chisoni kuti tinagula njinga yakutha.

Mlongo wanga Yotamu anali ndi zaka zisanu koma sankalankhula. Ukamuitana sankacheuka, ngakhale kuti switi ikamafutukulidwa kuseri kwa nyumba ankaimva bwinobwino. Mtima wake unali pa wilo la njinga. Akaipeza itatsamira pamtengo wa mango ankaigwetsa n'kumazunguza wilolo, maso ali pa masipoko, osatopa. Adada, amene ankagwira ntchito yolondera nyama zakutchire, ankamukalipira, iye n'kudziluma dzanja, kulira osatonthozeka.

Ankhazi, alongo awo a adada a ku Tembwe, anali atagamula kale kuti mwanayo anamulodza. Anati tikangokolola mpunga adzamutenga kupita naye kwa mneneri wina amene ankasunga odwala pakhomo pake, ena atawamanga miyendo. Ine ndinkachita mantha kwambiri, chifukwa Yotamu sankagona popanda kugwira nsonga ya chitenje cha amama. Adada sankaopa njovu, koma alongo awowo ankawaopa.

Amama anachonderera kuti tiyambe tayesa kuchipatala cha pa boma. Tinakwera lole ya thonje, n'kukafika ku Chama titayera mbuu ndi fumbi. Anatilowetsa kwa asisita ena ochokera ku Kitwe, othandiza ana ochedwa kuyenda ndi kulankhula. Tonse tinkayembekezera jakisoni. Koma Yotamu anaona njinga ya olumala pakona, n'kuigwetsa, n'kuyamba zake zija. Amama anafuna kumugwira mwamanyazi, asisita anawaletsa. Asisitawo anavula nsapato, anakhala pasimenti pambali pake, n'kumangoonerera naye limodzi. Patapita nthawi anaimitsa wilolo ndi chala n'kudikira. Yotamu anakankha chalacho, chinakana. Kenaka anadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso, chinthu chimene ngakhale amama sankawachitira. Asisita anaseka n'kuchotsa chala.

Adada anapirira mpaka analephera. "Asisita, manje mankhwala ni liti?"

"Mankhwala ni imwe, atate ake. Mukamalondola njovu, mumayenda kutsogolo kwake? Mulondoleni mwana kwamene ayenda, ndiye azakuonani."

Anatiuza kuti vutoli amalitcha otizimu, si ufiti, ndipo lilibe jakisoni. Anatiphunzitsa kulowa m'masewero ake, kudikira, ndi kusamukakamiza. Adada anang'ung'udza njira yonse kuti tavutikira ulendo kukaonerera munthu wamkulu akusewera.

Komabe m'mawa mwake, atawerukako kuntchito, ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atagadamitsa njinga, atakhala m'fumbi ndi yunifomu yawo. Kwathu bambo sasewera ndi mwana pansi, n'chifukwa chake ankabisala. Koma pamudzi palibe chinsinsi. Anansi anayamba kubwera ndi masipanala, wina mpaka anabweretsa girizi m'kachitini. Adada ankangothokoza n'kunena kuti ikali kuvuta.

Masabata oyamba panalibe chooneka. Yotamu ankawapatsa msana. Adada, ozolowera kukhala chete m'tchire, ankangodikira, ndipo asanazunguze wilo ankati "zunguuu" ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Pang'onopang'ono Yotamu anayamba kuwasendera. Tsiku lina anawagwira dzanja n'kuliika yekha pa tayala. Amama anaona ali pamtondo, musi unaima m'mwamba.

Mpunga utalowa m'matumba, ankhazi anafika ndi chikwama chopanda kanthu choti aikemo zovala za mwana. Anakhala pamphasa n'kuyamba kulankhula, ndipo akayamba sankapuma. Adada anangowerama, akujambula pansi ndi kamtengo. Amama anali m'nyumba akupinda timalaya, misozi ili chuchuchu.

Ndiye Yotamu anatulukira. Anadutsa pakati pa akuluakulu popanda odi, anagwira chala cha adada, anawayang'ana kumaso n'kunena kuti, "Zungu."

Anali mawu ake oyamba. Adada anaimirira alongo awo ali pakati pa chiganizo, zimene sanachitepo chibadwire.

"Ankhazi ake, mwana sayenda kulikonse. Tili na nchito."

Ndinathamangira m'nyumba kukauza amama kuti aleke kupinda. Chifukwa cha chimwemwe, ndinangokhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira nanenso.

Masiku ano mawu oti otizimu anthu amawamva pawailesi ndi pamafoni, ndipo makolo ena sachitanso manyazi kukhala pansi ndi ana awo, ngakhale alipobe ana otsekeredwa m'nyumba. Yotamu sanachire, poti si matenda ochira. Ndi bambo wandevu wa mawu ochepa, amadana ndi phokoso la pamsika, amalima mpunga wake. Ankhazi anakalamba, maso anasiya kuona, ndipo amakhala kwathu. Amene amawagwira dzanja popita kutchalitchi ndi Yotamu. Ankhazi sanapepesepo, nafenso sitinawakumbutse.