Tsiku Limene Nyanja Inatizembera Kumbuyo

Maboti atagona chammbali m'matope, zingwe zili lende, madzi osaoneka n'komwe: ndicho chinthu choyamba chimene ndinaona m'katauni ka asodzi kaja, kumpoto kwa Mangalande. Ndinali kamtsikana kongogweluka kumene mano akutsogolo. Amayi anali atapeza ntchito yaunamwino kunyumba yosamalira okalamba, ndipo tinafika awiriwiri chilimwe chawo chikutha, chilimwe chimene kwa ife chinali chozizira ngati Juni weniweni. Amayi anayang'ana mabotiwo, n'kupukusa mutu, amvekere, “Kodi nakonso kuno kuli chilala?”

Katauni kameneka, abale, kanali ngati kokolekedwa paphiri. Nyumba zinali zothinana, timisewu tamiyala topapatiza moti anthu awiri ankadutsana chammbali. Mmawa kunkanunkhira utsi wa nsomba zowamba, masana viniga wa patchipisi, ndipo mchere unkamveka pamilomo tsiku lonse. Mbalame zake zoyera za kunyanja zinalibe mwambo m'pang'ono pomwe, zinkachita kukulanda chakudya m'manja uli maso. Pamwamba pa zonse panali tchalitchi chakale chodetsedwa ndi mphepo. Nkhalamba za kuntchito kwa amayi zinkasimba kuti makolo awo ankapita kutali kumadzi oundana kukasaka anamgumi, ndi kuti kale mowa ndi fodya wozembetsa zinkayenda nyumba ndi nyumba kudzera m'zipinda zapansi, kuchokera kudoko mpaka pamwamba pa phiri, osaona dzuwa. Ine ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa.

Ife tinkakhala kumtunda, ndipo amayi ankagwira ntchito osapuma, choncho kugombe tinali tisanatsikireko bwinobwino. Zoti nyanja imaphwa n'kudzadza anaphunzira kusukulu ndithu, koma zinali za m'buku, ankayesa ndi phazi limodzi kapena awiri. Kwathu ku Dedza mtsinje ukaphwa waphwa basi, umadikira mvula.

Tsiku lina amayi atapuma tinatsika. Nyanja inali itathawira kutali, itasiya mchenga wonyezimira mpaka posafika maso. Mayo ine, kukongola kwake! Tinkayenda pansi pa nyanja penipeni, ndi mapazi athuwa. M'timaenje ta m'matanthwe munali nkhanu ndi tinsomba, ndipo ndinatola miyala yokhala ndi nkhono zopiringizika mkati mwake. Tinazungulira mphuno ya phiri, chiphompho chachitali chili kumbali kwathu, masitepe amene tinatsikira akuchepa kumbuyo. Pamasitepepo panaima mayi wachikulire ali ndi galu, akukupiza manja onse awiri. Amayi, poti munthu wamkulu sanyalanyazidwa, nawonso anakweza dzanja, n'kundiuza kuti ndibayibitse. Tinabayibitsa mwaulemu ndithu, n'kumapitirira.

Ine ndinkayang'ana kutsogolo kumene kunali mafunde, osadziwa kuti madzi adzera kumbuyo. Anabwera chete, osachita phokoso, n'kudzadza chigwa chimene chinali pakati pa ife ndi masitepe. Pamene tinkacheuka, pamene tinadutsa pouma panali mtsinje, ndipo unkakula tikuona. Kukwera chiphompho kunali kosatheka. Amayi anavula chitenje chimene anafunda m'khosi, n'kundibereka ngati khanda, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, n'kulowa m'madzi. Kuzizira kwake kunali ngati kolumidwa. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa, akutikokera chammbali, ndipo ndinkamva pemphero lawo likunjenjemera pamsana, ine tsaya nditaligunditsa pamenepo. Mayi wachikulire uja anali atalowa m'madzi mpaka m'ntchafu, atatambasula ndodo yake, ndipo amayi anaigwira.

Mayiyo anatikalipira kaye, ndipo kukalipa kwake kunali kwa munthu amene akufuna kulira. Kenako anatitengera kwawo, n'kutifunditsa matawulo ndi kutiphikira tiyi wa shuga wambiri. Anatiuza kuti nyanja imachoka n'kubweranso kawiri pa tsiku, tsiku lililonse, ndipo mwana aliyense wa m'tauniyo amadziwa zimenezi asanadziwe kuwerenga. Lamlungu lotsatira anatitengera kumanda a patchalitchi paja n'kutionetsa miyala yolembedwa mayina a anthu omira m'nyanja, koma pansi pake popanda munthu. Mwala umodzi unali wa mlongo wake. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu a kumeneko sankayankhula za nyanja mwachibwana, ngakhale kuti inkawadyetsa.

Lero ndimakhala kuno ku Perth, ndikugwira ntchito ku yunivesite ya Murdoch, ndipo nyanja ya kuno sichoka pamalo kwenikweni. Ana anga amasambira ngati anabadwira m'madzi, ndipo ndikawasimbira nkhaniyi amandiyankha m'Chingelezi chawo cha m'mphuno, akuseka zobayibitsa zija. Nanenso ndimaseka. Koma chimene sindinawauzebe ndi cha kukhitchini kwa mayi uja. Amayi anandiyang'ana n'kunena motsitsa, “Mwana wanga, sindimadziwa.” Mpaka tsikulo ndinkayesa amayi amadziwa chilichonse pansi pano, ndipo mawu amenewo anandiopsa kuposa madzi. Patapita zaka, ndili wamkulu kale, m'pamene anandiululira kuti ngakhale kusambira sankatha. Analowa m'madzi aja akudziwa zimenezo, ine ndili kumsana.