Zilonda m'Kamwa mwa Njoka ya Adada

Nditasamukira ku Area 25, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yaikulu, palibe anandiuza kuti eni malowo amaweta njoka. Anali bambo achikulire ochokera kumpoto, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, opuma ntchito ku Kanengo komwe anakalambira m'nyumba zosungiramo fodya. Aliyense pamalopo ankawaitana kuti Adada, akazi awo Amama, ndipo ine ndinangotengera. Ntchito yanga ndi yosoka. Makina ndinkaika pakhonde, moyang'anana ndi kashedi kamalata komwe Adada ankalowamo m'mawa uliwonse atanyamula kambale ka madzi. Ndinkayesa muli mbira.

Zoona zake ndinazidziwa mwezi wa Juni, Amama atapita kumudzi kukasamalira mwana wawo wamkazi amene anali atangochira kumene. Tsiku lina Adada anaima pafupi ndi makina anga kwa kanthawi, akuyang'ana mmene ndinkalowetsera ulusi m'singano.

"Mama, manja anu sanjenjemera," anatero. "Angawa anayamba kalekale kundikana. Ndili ndi wodwala, ndipo wondigwirira kulibe."

Ndinawatsatira. M'kashedimo munali bokosi lagalasi, ngati aja amagulitsiramo mandasi, koma lalikulupo, pamwamba atakhomapo waya wa sefa. Mkati munadzipinda njoka yofiirira, yonyezimira, ya timizere toyera m'mbali mwa mutu. Mmene ndinatulukira sindikukumbuka. Ndinangozindikira ndili pa mpopi, silipasi imodzi yatsala m'shedi.

Adada sanandiseke. Anabwera ndi silipasiyo, nkundifotokozera modekha. Njokayo anaitola ku Kanengo ili kang'ono ngati pensulo, itabisala pakati pa mabelo. Anzawo ankafuna kuipha, iwo anaiika m'chitini chawo cha chakudya. Anati ndi mtundu uja wokonda m'nyumba za anthu, wodya makoswe, wopanda ululu.

"Nanga bwanji mumabisa?" ndinafunsa.

"Mumawadziwa anthu athu, mama. Munthu wosunga njoka amamupatsa dzina lina."

Ndinkawadziwadi, poti nanenso ndine mmodzi wa iwo. Kwathu ku Dedza tinakula ndi mawu akuti njoka saweta, ndipo ikaoneka pabwalo aliyense amathamangira mwala. Koma nditabwerera pamakina, funso limodzi linandikanirira: kodi njoka imadwala? Ndinali nditaonapo nkhuku yachitopa, mbuzi yotupa mimba, galu wachiwewe. Njoka ndinkangoidziwa yamoyo yothawa, kapena yakufa yopachikidwa pamtengo. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditaimanso pakhomo la shedi.

Adada anati yakhala ikukana chakudya, ndipo pakamwa sipakutsekeka bwino. Ndinasuzumira pagalasi. Mbali imodzi ya mlomo inali yotupa, ndipo timalovu tonanda tinkalendewera. Anandionetsa kagwiridwe: chala chachikulu ndi chamkombaphala kuseri kwa mutu, dzanja linalo kunyamula thupi. Ndinatseka maso pogwira. Ndinkayembekezera kuterera ngati mlamba, koma inali youma, yozizirira, yosalala ngati nsalu ya satini. Inadzikulunga pamkono panga nkufinya pang'ono, monga amachitira makina oyezera kuthamanga kwa magazi kuchipatala.

Adada anaitsegula kukamwa ndi chogwirira cha supuni yapulasitiki, ndipo pamenepo mantha anayamba kuchepa, maso ndiwo anakula. Mano anali ting'onoting'ono ngati nsonga za singano, opindikira m'kati, ena ondandalika ngakhale kumwamba kwa kamwa. Usinini unali ndi timadontho tofiira, ndipo mbali yotupayo munali mafinya olimba achikasu, onga chambiko chouma. Fungo lake linali la chilonda chokhalitsa. Pansi pa kamwa panali kabowo komwe kankatseguka nkutsekeka.

"Kameneko ndi kopumira," anatero Adada. "Ikamameza khoswe wamkulu imapumira pomwepo."

Iwo anali akuitsuka ndi madzi ofunda amchere, monga timachitira ndi ana akatuluka zilonda m'kamwa, koma sizinkasintha. Tinagwirizana zopita nayo kwa dokotala wa ziweto kutauni. Ndinasoka kathumba ka nsalu yokhuthala ka chingwe kukamwa, ndipo m'mawa mwake tinakwera minibasi, thumbalo lili pamiyendo panga nditaliphimba ndi chitenje chifukwa kunkazizira. Tikudutsa cha ku Area 18 linagwedezeka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi analiyang'ana.

"Muli nkhunda kodi?"

"Ndi katundu wa agogowa," ndinayankha. Adada, amene sankanena bodza, anatembenukira kuwindo nkumayang'ana mitengo mpaka tinakatsika.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana. Titamasula thumba anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anasendera pafupi kwambiri. Anatiuza mosabisa kuti iye anazolowera agalu, amphaka ndi mbuzi, ndipo matendawa anangowawerengapo kusukulu. Anajambula m'kamwamo pafoni nkutumizira mnzake wina wosamalira nyama zakutchire, analankhulana kwa kanthawi, kenako anatifunsa. Kodi komwe imakhala kumazizira? Kodi amaipatsa makoswe amoyo? Kodi imakhula mphuno pawaya? Adada anavomera zonse. Anakumbukiranso kuti khoswe womaliza analimbana nayo, ndipo anaona kamagazi pamlomo koma sanakalabadire.

"Poyambira pake mpamenepo," anatero dokotala. Anafotokoza kuti njoka ilibe kutentha kwakekwake m'thupi, imadalira kwa pamalo pomwe ili. Ikazizidwa, thupi limalephera kulimbana ndi tizilombo, ndiye kachilonda kakang'ono kamakula. Mukachedwa matendawo amalowa m'fupa la nsagwada, mwinanso m'mapapo.

Anachotsa mafinyawo pang'onopang'ono ndi kathonje, ine nditagwira mutu. Timano tiwiri togwedera tinachoka nawo limodzi. Adada anausa moyo, koma dokotala anati mano a njoka amameranso. Ndinafunsa kawiri ngati ndamva bwino. Anaibaya jakisoni pakati pa mamba, nkutiuza kuti tizibwera nayo mpaka mankhwala atatha, komanso tiziitsuka tsiku lililonse ndi ayodini wosungunula m'madzi owiritsa mpaka aoneke ngati tiyi wosapsa.

Bokosi tinalichotsa m'shedi nkuliika m'chipinda cha Adada chomwe chimalowa dzuwa la m'mawa. Waya tinachotsa, ine ndinasokerapo nsalu ya neti. Mbali imodzi tinkaikako botolo la madzi otentha lokulunga m'chigamba, kuti ikafuna kufunda isendere, ikatenthedwa ichoke. Ndinkaima nkumaionerera ikusankha yokha pogona, ndipo zovala za anthu zinkachedwa.

Pa nthawi yotsukayo mpamene ndinkawavutitsa Adada ndi mafunso. Chimene chinkandizunguza kwambiri nchakuti sinkalira. Mwana umupake mankhwala pachilonda, mudzi wonse umamva. Iyi inkangokoka thupi, mchira nkumamenya pamkono panga.

"Imamva kuwawa?"

"Ndikhulupirira imamva. Onani mmene ikufinyira tikafika pachilondapo."

"Nanga inuyo imakudziwani?"

Adada anafinya thonje. "Zaka zonsezi sindinapeze yankho. Ikamva fungo langa ndi lilime lakelo siithawa. Kaya kumeneko nkudziwa, kaya nkungozolowera."

Chinsinsi chinaululika chifukwa cha ine. Mayi wina wa golosale yapafupi anabwera kudzayesa diresi, sanandipeze pakhonde, anatsatira mawu anga mpaka pawindo la Adada. Anatiwona ine nditagwira njoka, mkulu wa mpingo akuipukuta m'kamwa. Sanakuwe. Anangobwerera chamsanamsana, ndipo pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utamva.

Makasitomala ena anasiya kubwera. Wina anatuma mlongo wake kudzatenga nsalu yake yosasoka. Ndinadandaula, koma Adada anati kubisa kwatha, ndipo mwina nkwabwino. Anayamba kutulutsa bokosi pakhonde dzuwa likawala, aliyense wofunsa ankamuuza kuti abwere aone. Ambiri ankaima patali pageti. Ena ankasendera, ndipo mafunso awo anali omwe aja ndinali nawo ine. Bambo wina wa kabaza anafunsa ngati zilondazo zingapatsire munthu, Adada anati chachikulu nkusamba m'manja ndi sopo ukaigwira. Akuluakulu anzawo a kumpingo anabweranso Loweruka lina, anakhala pabalaza nthawi yaitali, potuluka mmodzi anawerama pagalasi nkunena kuti maso a njokayo sanaphethire chilowereni. Mayi wa golosale uja anadzabwera patapita masabata, akufunsa ngati ingabwerekedwe ikachira, poti makoswe amuthera ufa ndi sopo. Adada anakana mwaulemu.

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Tsiku lina maso ake anachita mbuu ngati muli mkaka, ine ndinati basi yachita khungu. Adada anati ikufuna kufundula. Inafunduladi, chikopa chinayambira pamlomo pomwe panali chilonda nkuvuuka ngati sokosi. Pamlomopo panatsala kachipsera, kamwa nkukhota pang'ono mbali imodzi. Titaipatsa khoswe wakufa kale, inamununkhiza nthawi yaitali, kenako inayamba kumeza kuyambira kumutu. Adada anakhala pansi pampando nkuvula magalasi.

Amama anabwerera kutayamba kutentha. Atapumula anandiitana kuti ndiwaonetse mmene ndinkachitira. Ndinaitulutsa m'bokosi monyadira ndithu. Anayang'ana m'kamwamo, anagwedeza mutu movomereza, kenako anagwira zala zanga nkuzimasula pang'ono.

"Mukuifinya khosi, mwana wanga. Gwirani ngati mukugwira dzira."

Ndinawafunsa ngati iwo sankaiopa pachiyambi. Anaseka, nkunena kuti tsiku lomwe Adada anabwera nayo m'chitini, iwo analongedza zovala zawo nkukagona kwa achemwali awo ku Kawale sabata yathunthu. Anabwerera chifukwa ana ankawasowa, ndipo panapita zaka asanaikhudze.

"Ndiye chinasintha nchiyani?"

"Tsiku lina ndinaiona ikumwa madzi," anatero. "Sindinkadziwa kuti njoka imamva ludzu."