Mpando wa Atate Pakhonde la Eni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene atate anamwalira ku Kanyama. Monga mwa mwambo, azibambo anatulutsa katundu m'nyumba kuti olira apeze pokhala. Mipando, tebulo ndi makina osokera a amayi anaziika kuseri. Amayi anakhala pansi pakona atafunda chitenje kumutu, poti mkazi wofedwa sadzuka kapena kukweza mawu maliro asanaikidwe.

Tsiku lachiwiri masana ndinamva kulira kwa wilibala. Anali ba Zulu a kaloba, aja obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja, ali ndi anyamata awo.

"Batate bako benze na nkongole yanga," anandiuza. "Kauze bamai bako ati tatenga vinthu."

Ndinathamanga kukanong'oneza amayi. Anangondifinya dzanja. Azibambo amene anakhala mu tenti ya maliro panja anayang'ana pansi, pakuti ambiri anali ndi ngongole kwa munthu yemweyo. Wilibala inapita ndi makina, kenaka inabwerera mpando wa atate.

Mpandowo ba Zulu anauika pakhonde pawo, m'njira ya kumpopi. M'mawa uliwonse popita kotunga madzi ndinkauona, ndi chigamba chake chobiriwira chimene amayi anasoka pomwe atate ankatsamiritsa mutu. Ukakhala wopanda munthu m'pamene ndinkauopa kwambiri. Makina atapita, kusoka kunatha, nane sukulu ndinalekera pomwepo.

Ndinakula ndikuyesa kuti ndi mmene zimakhalira. Ndili kale ndi ana, ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi kunabwera mayi wina wodziwa malamulo. Anati wobwereketsa alibe mphamvu yolanda katundu pakhomo popanda chilolezo cha khoti, ndipo ngongole ya womwalira amaikamba ndi amene wasankhidwa kuyang'anira chuma chamasiye. Ndinalira pamenepo, anzanga osadziwa chifukwa.

Chaka chatha amuna anga anamwalira kuno ku Chawama. Katundu anatulutsidwa, ine n'kukhala pakona, chitenje kumutu. Masana ndinaimva wilibala. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi ya m'mutu mwanga, chifukwa ndimaimva kawirikawiri. Kenaka mwana wanga Tisa anabwera kudzandinong'oneza kuti a kaloba abwera kudzatenga katundu.

Ndinadzuka.

"Amake Tisa, nkhalani pansi, ni mwiko, mwambo siulola!" anatero apongozi anga.

Ndinatuluka wopanda nsapato. Mnyamata wa kaloba anali atagwira kale firiji.

"Pepani bamai, ba malemu benze na nkongole kwa ba bosi."

"Pepala ya ku khoti ili kuti?" ndinamufunsa. "Ngati mulibe, tiyeni bonse ku polisi. Nkongole tizakamba tikaika maliro."

Anayang'ana ku tenti, koma ulendo uno azibambo sanayang'ane pansi. Anabwerera ndi wilibala yopanda kanthu.

Ngongoleyo tikubweza pang'onopang'ono, monga tinagwirizana pamaso pa abale. Sindikana kuti chobwereka chimabwezedwa. Koma Tisa atandinong'oneza tsiku lija, ndinamva m'dzanja langa kufinya kwa amayi. Iwo anamwalira osadziwa kuti akanatha kudzuka.